A Kachingwe Asankhidwa Kusukulu Zisanu

A Kachingwe, mwini malole, ankafuna kuti mwana wawo alowe sukulu yolipira yogonera komweko. Anafunsira malo kusukulu zisanu, ndipo iliyonse inafuna chimangirizo chofotokoza moyo wa mwanayo. Anaitana mlamu wawo Zakeyu, yemwe ankangodya zaulere pakhomopo.

"Iwe, ulembe zonse zisanu pofika mawa. Ukalephera, usamuke pano."

Zakeyu ankadana ndi cholembera. "Alamu," anatero, "mwanayu waona chiyani choti n'kulemba? Mbiri yokoma ndi yanu. Ine ndingaiwononge."

A Kachingwe anamwetulira, nalemba okha mmene anaphera njati ndi chibakera ali mu Sitandade 2. Zakeyu anangokapereka kusukulu zonse zisanu.

Loweruka kunafika aphunzitsi aakulu asanu, ali wefuwefu.

"Mwana wolemba izi sitingamusiye! Ali kuti?"

"Mwana wanji? Ndalemba ndine!" anatero a Kachingwe, akudziguguda pachifuwa.

Pomwepo anayi anawagwira manja ndi miyendo, aliyense akukokera kugalimoto yake. Wachisanu anayamba kuwameta mpala.

"Zakeyu, auze anthuwa kuti ndine bambo wa ana!"

Zakeyu anapatsira a Kachingwe ndowa ndi chikwakwa zofunika kusukulu yogonera komweko. "Musalire alamu. Tsiku loona ana tidzabwera ndi chiponde."