Mchenga m'Nsapato za Dziwenji

Lamulo la apaulendo ndi lakale: dzuwa likafika pamutu, anthu oyenda limodzi amakhala pansi, navula nsapato, nayang'anana kuphazi, pakuti palibe munthu amaona bwino chidendene chake. Woyang'anayo ayenera kunena zoona. Lamulo limeneli Sankhulani analiswa dala.

Chilombo cha mitu isanu, dzina lake Chidyamtunda, chinali chitaba mlongo wamng'ono wa Sankhulani, Ndaziona, ndipo atsibweni awo analonjeza mkondo wa makolo kwa yemwe akamubweze. Sankhulani anadzipereka kupita. Mlongo wake wina, Dziwenji, amene pamudzi ankangomutuma kumadzi, anakakamira kutsagana naye. Posafuna kugawana ulemu ndi mtsikana, Sankhulani anathira mchenga m'nsapato za mlongo wakeyo, kunsi kwa kansalu koyalamo.

"Achimwene, kuchidendene kukutentha. Kodi kwafiira?" anafunsa Dziwenji masana oyamba.

"Kuli bwinobwino. Ulesi basi. Tiye!"

Kunali kutafiira psuu. Tsiku lachiwiri matuza anatupa, lachitatu mtsikanayo anagwa m'mbali mwa mtsinje. Sankhulani anati akukafuna mankhwala, ndipo sanabwerenso.

Dziwenji anathyola munga kuti aboole matuzawo.

"Taya mungawo, mwanawe!" anatero Bongololo, akutuluka pansi pa tsamba. "Miyendo yanga njosawerengeka, koma sindinatsimphinepo. Chilape!"

"Nachize."

"Kanyumba kodzaza madzi, denga lake ndilo sing'anga wake."

Dziwenji anayang'ana phazi lake. "Thuza, agogo."

"Nanga ukusasuliranji denga? Tsuka ndi madzi oyera, uumitse. Upote kansalu ngati nkhata, uzunguze thuzalo kuti chikopa cha nsapato chisalikhudze. Kenaka ukutumule nsapatozo."

Atakutumula, munagwa mchenga wofiira. Njira yonse anayenda pa dothi lakuda. Mchenga wotere unali wa pabwalo la amayi ake. Dziwenji anaupenyetsetsa nthawi yaitali, misozi n'kuuma. Anaumanga pansonga ya nsalu yake. Bongololo anadzipinda, nasanduka khoza pamkono pake, nati, "Ukanditambasula ndidzakhala mpeni."

Atapuma masiku awiri, anafika kuphanga la chilombo, napeza Ndaziona akusinja nsatsi.

"Achimwene chawameza dzulo," ananong'ona mwanayo. "Ine chinandisunga kuti ndizichidzoza mafuta kumapazi, poti mitu isanu imalemera."

"Mawa usachidzoze. Unyowetse nsapato zake, uthiremo uwu," anatero Dziwenji, akumasula mchenga uja.

M'mawa Dziwenji anaima pathanthwe nafuula, "Iwe Chidyamtunda! Mitu isanu, nzeru palibe n'pang'ono pomwe!"

Chilombo chinatuluka chikubangula, nichimuthamangitsa m'matanthwe otentha, kukwera, kutsika, kukweranso. Nkhata zija zinamuteteza Dziwenji, koma mapazi a chilombo anayamba kupsa.

"Wina aone kuphaziko!" unalamula mutu wapakati.

"Werama iweyo, ine si kapolo wako!" unayankha wakumanzere.

Mitu inakangana, wowerama osaoneka. Dzuwa lisanapendeke matuza anakula ngati maungu, naphulika, chilombo n'kugwa khuu! Dziwenji anatambasula khoza lija, nadula mitu yonse umodziumodzi. Atang'amba chala chachikulu chakuphazi, munatuluka anthu ambiri omezedwa, wotsiriza Sankhulani. Onse, pamodzi ndi Ndaziona, anauyamba ulendo wobwerera kwawo.

Kumudzi nthungululu zinamveka mpaka kutsidya. Atsibweni, osafunsa n'komwe, anatambasulira mkondo kwa mnyamata, ndipo iye, mopanda manyazi, anatambasula dzanja. Pamenepo Dziwenji anakhala pamphasa pakati pa khamu, navula nsapato.

"Achimwene, dzuwa lili pamutu. Taonani kuphazi kwanga, munene zimene mukuona."

Sankhulani anaona zipsera zija, dzanja lake n'kugwa. Anagwada m'fumbi.

"Atsibweni, amayi, nonse muli pano, mkondowo si wanga. Ndine ndinathira mchenga m'nsapato za mlongo wangayu. Ndinaona kuti kwafiira, ndinati kuli bwino. Ndinamusiya kumtsinje kuti afe, ndipo iye ndiye ananditulutsa m'chala cha chilombo. Mupatseni mkondo mwini wake. Ine mundipatse madzi, ndimutsuke mapazi, ngati angandilole."