Njira ya M'munsi

Pa sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto pamene ankagwira ntchito, onse ankawatchula kuti a Buleki, chifukwa ndiwo mawu amene ankatuluka pakamwa pawo kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Zaka makumi awiri akuuza anthu pokhotera ndi poima zinawasandutsa munthu wosauzidwa. Tsiku lina anachita chizungulire ali pampando wa galimoto, ndipo dokotala sanazungulire: mtima watopa, akapume.

Akazi awo anapeza kanyumba ka alendo pa chilumba china, m'mudzi wa asodzi momwe tayala la galimoto linali lisanapondemo. Masiku awiri oyamba a Buleki anangogona pamchenga, mapazi ali m'madzi, mafunde akuwaimbira. Pofika tsiku lachitatu thupi linayamba kuwayabwa.

"Lero ndizungulira chilumba chonsechi wapansi," anatero akudya kadzutsa.

Eni nyumbayo, mayi aafupi osadziwa kupaka mawu mafuta, anaika ketulo pansi n'kuyang'ana nsapato za mu ofesi zimene mlendoyo anavala.

"Ndi nsapato zimenezo? Bambo, mudzere njira ya kumtunda. Ya m'munsi, ya m'miyalayo, nyanja imatibwereka m'mawa mokha. Dzuwa likafika pamutu imailanda. Ndipo ndi mimba yanuyo simungathamange."

Akazi awo anabisa kuseka m'kapu. A Buleki magazi anawira.

"Mayi, ine misewu ndiyo ntchito yanga."

"Kuno kulibe misewu," anayankha mayiwo akutola mbale.

A Buleki ananyamuka okha, poti akazi awo bondo linkawavuta. Pakhomo anangowasiyira mawu akuti, "Anthu akuno alibe ulemu." Anthu amene anawadutsa m'mudzi ankawamwetulira ndi kuwafunira ulendo wabwino. Atafika pamphambano, sanayang'ane n'komwe njira yokwera phiri. Anatsetsereka.

Kunena zoona, njira ya m'munsi inali yokoma. Nkhanu zinkathawira m'ming'alu, mbalame zoyera zikudumphira nsomba, kamphepo kakuwapepesa. Atayenda ndithu anafika pa kagombe kobisika, kuseri kwake kuli thanthwe lalitali ngati khoma la nyumba yosanja. Anakhala pamwala wosalala kuti apumeko pang'ono. Tulo sitipempha chilolezo.

Anadzidzimuka madzi akuwanyambita akakolo. Kumene anachokera kunali nyanja, kumene ankapita kunali nyanja. Foni inalibe netiweki. Poyesa kudumphira mwala wina, nsapato inaterera, phazi linabinya, iwo khuu m'madzi. Anakwawira pamwala waukulu ngati tebulo, nakuwa mpaka mawu kusasa, koma mafunde ankameza mawu onse. Madzi atafika m'mawondo, mantha anawagwira. Chinawapweteka koposa n'chakuti mawu omaliza amene anasiyira mkazi wawo anali odandaula.

Kenaka anamva injini. Bwato linatulukira kuseri kwa thanthwe, msodzi wa imvi ali pachiwongolero, kutsogolo kutaima mayi aja, chingwe chili m'manja.

"Gwirani chingwe! Nsapatoyo isiyeni! Musadumphe, dikirani funde lidutse. Tsopano!"

A Buleki anachita zonse monga anauzidwira, osaonjezera, osachotsera.

Ali m'bwato anamva mmene zinayendera. Dzuwa litafika pamutu, mayiwo anakwera phiri kukafunsa amayi oyanika nsomba m'mbali mwa njira ya kumtunda ngati anaona mlendo. Palibe anamuona. Anasiya mphika pamoto, nathamangira kwa alongo awo, msodzi uja, amene anali atangotsika kumene panyanja.

Mayiwo anawafunditsa thaulo ndi kuwapatsa madzi akumwa.

"Mukanandikalipira, mwina mtima ukanapepuka," anatero a Buleki, mano akugundana.

"Ndinakukalipirani kale m'mawa. Panopa imwani madzi."

Pagombe anapeza akazi awo ataima m'madzi mpaka m'chiuno, bondo lopweteka ataliiwala. Anawakumbatira akulira, kenaka anawamenya kachibakera pamsana, kenaka anawakumbatiranso.

Masiku otsalawo a Buleki anawathera pakhonde, phazi lili pampando, alongo a mayi aja akubwera m'mawa uliwonse kudzalisisita. Anayamba kufunsa: mphepo iyi ikutanthauzanji, mtambo uwo ubweretsa chiyani? Ndipo ankamvetsera yankho mpaka kumapeto.

Tsiku lochoka, anagwira dzanja la mayiwo ndi manja awiri, maso atalengeza misozi.

"Mayi, tsiku lija ndinadutsa anthu ambiri. Onse anandimwetulira, onse anandifunira ulendo wabwino. Inu nokha ndi amene munandipweteka ndi mawu, ndipo inu nokha ndi amene munandilondola. Ana anga akanakhala amasiye. Zikomo sakukwana."

"Mudzabwerenso," anatero mayiwo, akuyang'ana kumbali kuti asaonetse nkhope. "Chipinda chanu chilipo."

Bwato likuchoka, a Buleki anakweza dzanja mpaka mudzi unabisika. Anali atadziwa tsopano, osati ndi makutu okha koma ndi thupi lonse, kuti wakutsina khutu ndi mnansi.