Isadonthe, Akamwini

Garaja ija inali kuseri kwa sitolo ya matayala, pansi pa malata amene ankatentha ngati chiwaya dzuwa likafika pamutu. Munkagwira amakaniko awiri. Wamkulu ankatchedwa Mandevu, dzina losafuna kufotokozera. Wamng'ono ankamuitana kuti Dontho, ndipo dzinalo linkamubaya ngati munga wa m'nsapato.

Amene anamupatsa dzinalo ndi apongozi ake, ngakhale sanachite dala. Dontho atangokwatira kumene, anapita kukawaona pa galimoto imene anali atangoimanga injini. Pochoka, pa simenti ya pabwalo panatsala kadontho ka oilo. Apongozi aamuna anakayang'anitsitsa, kenako anati, "Akamwini, ulendo wina muzidzaiveka thewera galimoto yanuyi." Onse anaseka, ndi mkazi wake yemwe. Nkhani inafika ku garaja, dzina n'kumera mizu.

Apongoziwo anali ndi lole yonyamula mchenga, imene inkadyetsa banja lonse. Ikadwala ankaipititsa kwa makaniko wina kutsidya kwa tauni, kudutsa pakhomo penipeni pa garaja ya mkamwini wawo, osaimba ngakhale hutala. Dontho ankaimva ikudutsa, n'kuweramira pa ntchito yake. Sankafuna china kwa munthu wamkuluyo koma kuti tsiku lina adzamuyese mmisiri.

Tsikulo linafika injini ya lole itayamba kufuka utsi. Apongozi anaiimika pakhomo pa garaja, anatsika pang'onopang'ono, n'kumupatsa makiyi.

"Mkazi wanu wandiumiriza," anatero. "Ine ndikupempha chimodzi chokha. Isadonthe, akamwini."

"Sidontha, bambo," anayankha Dontho, atalandira makiyiwo ndi manja awiri.

Ntchito anaigwira bwino, zimenezo palibe angatsutse. Anaphwasula injini yonse, chitsulo chilichonse n'kuchitsuka mpaka kuwala, chakutha n'kuchisintha. Vuto linadza pomanga. Pansi pa injini pamakhala sampu, beseni lachitsulo limene limasunga oilo. Injini imeneyi inapangidwa kuti milomo ya sampuyo izimatidwa ndi kamzere kochepa ka silikoni wotuwa, amene amapirira oilo ndi kunjenjemera kwa chitsulo. Malo ena ankangofuna gasiketi wapepala wotseka mpata pakati pa zitsulo, woikidwa wouma. Dontho ankazidziwa zonsezi. Koma ku sitolo ya sipeyala anasiya wotuwa n'kusankha wofiira, chifukwa ankaoneka waukali, ndipo anagula wokwanira injini za msewu wonse.

Mandevu anamupeza akufinyira silikoni pa sampu, mzere wake wonenepa ngati chala chachikulu.

"Iwe, ukumanga injini kapena ukumata nyumba?"

"Ndikutseka njira za oilo, akulu."

"Njira ya oilo imatsekedwa ndi kamzere konga kamtengo ka machesi, pachitsulo chouma bwino. Ndipo gasiketi wapepala uyu wakulakwira chiyani kuti umudzoze mbali zonse ngati mwana wopita kusukulu?"

Dontho anapitiriza kufinya. Anakweza sampu n'kuyamba kumanga mabawuti. Pamene zitsulo zinkakumana, silikoni anafinyika n'kutuluka m'mbali monse.

"Taona," anatero Mandevu, akuloza ndi sipanala. "Amene watulukira kunjayu ukumuona, umupukuta. Wofanana naye watulukiranso m'kati. Ameneyo adzamupukute ndani?"

"Inu simunasekedwepo pakhomo pa apongozi anu."

"Anga alibe ndi njinga yomwe, andiseke ndi chiyani? Masula, mphwanga, upale uyambirenso. Dzuwa lidakalipo."

"Ikadontha, dzina loipa ndi langa. Ndisiyeni."

Mandevu anakweza mapewa n'kubwerera ku ntchito yake. Silikoni atauma, Dontho anatenga lezala n'kudula zonse zolendewera kunja, mosamala ngati wometa. Panatsala kamzere kofiira kowongoka kozungulira injini yonse, kokongola ngati mpendero wa diresi.

Apongozi anabwera kudzatenga lole atanyamula katoni yoyera. Anaiyala pansi pa injini, n'kuuza mkamwini kuti alize. Injini inalira mosalala. Anaisiya mpaka itatentha, iwo ali chilili, manja kumbuyo. Atasolola katoni ija, inali yoyera monga anaibweretsera. Anaitembenuza, n'kuiyang'ananso pa dzuwa.

"Lero ndadziwa kuti mwana wanga anakwatiwa ndi mmisiri," anatero, n'kumugwira chanza. Dontho anayang'ana pansi kuti asaonetse chimwemwe. Kunyumba, mkazi wake anamva nkhaniyo kawirikawiri mpaka anaiphunzira pamtima.

Koma m'kati mwa injini, mmene diso silifika, zingwe za silikoni zinali lende pamwamba pa oilo. Tsiku ndi tsiku oilo wotentha ankazinyambita, lole ikagunda mabampu n'kumazigwedeza, mpaka zinayamba kuthothoka. Mu sampu mumakhala paipi imene pampu imayamwira oilo kuti afike ku ziwalo zonse, ndipo kukamwa kwa paipiyo kuli sefa. Zingwe zija zinkatengedwa ndi oilo n'kukakamira pa sefayo, china pamwamba pa chinzake. Pabwalo la apongozi simenti inali mbee, ndipo iwo ankaitana anzawo a malole kuti adzasuzumire pansi pa injini.

M'mawa wina lole inkakwera chitunda itasenza mchenga. Nyali yofiira ya oilo inaphethira, kenako inayaka osazimanso. Apongozi asanapeze poima, m'injini munamveka kugogoda ngati munthu akumenya chitseko chachitsulo, ndipo lole inaima. Anasolola kachitsulo koyezera oilo: anali wodzaza mpaka pa mzere. Anagwada n'kuyang'ana pa phula: panalibe dontho.

Lole inafika ku garaja pa chingwe. Apongozi anakana mpando, nati aona okha. Dontho anakhetsa oilo, anamasula mabawuti, ndipo anachita kutema ndi tchizulo kuti sampu ilekane ndi injini, pakuti inali itamatika zolimba. Itatsika, onse atatu anaona sefa ija itaphimbidwa ndi tizingwe tofiira, topiringizana ngati nyongolotsi. Zitsulo za m'kati zinali zitapsa mpaka kusintha mtundu. Injini inafa ndi ludzu itakhala pamwamba pa chitsime.

Mandevu, amene pakamwa pake sipankasowa mawu, ananyamula sipanala n'kutuluka panja.

Apongozi anatola kachingwe kamodzi, anakakoka, kanatamuka n'kubwerera. Sanakalipe. Anakaika m'dzanja la mkamwini wawo n'kupukuta zala pa mpango.

"Mawu anu mwasunga, akamwini," anatero. "Sinadonthe."

Madzulo ake lole inakokedwa kupita kutsidya kwa tauni, kwa makaniko uja wakale. Dontho anaima pakhomo akuiyang'ana mpaka inakhota, kamzere kofiira kaja kadakali kowongoka m'mbali mwa injini. Munthu ameneyu ankaopa kwambiri chilema chooneka ndi anthu, mwakuti anaiwala mbali imene moyo wa injini unali. Akuluakulu anaziona kale zotere pamene anati: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.