Mbale Yovundikira Mtsuko

Pali anthu ena amalira maliro maso ali pa katundu. A Chikakwiya ndi omwewo. Achimwene awo atangoikidwa, anafika kwa Nangondo, mkazi wa malemuyo, kudzalanda mbale ya galamafoni ya nyimbo za ku Amereka zija amati soul. Anali atamva kuti yoyamba kudindidwa mtengo wake ngwa galimoto.

Komatu mbalezo zinali ziwiri, nyimbo zake zomwezo. Nangondo anavundikira mtsuko ndi yeniyeniyo, yakale yothimbirira, n'kukumbatira yonyezimira, misozi mbwembwembwe.

"Alamu, tengani mbuzi, koma iyi yokha ayi!"

A Chikakwiya anaitsomphola, n'kulumbira pamaso pa ankhoswe kuti zotsala zonse ndi za mlamu wawo. Anamwa madzi, ulendo.

M'mawa mwake anabwerera thukuta kamukamu. Wogula ku Limbe anali atawaseka: yoyambayo imakhala ndi timanambala tozokota pamanja pafupi ndi chibowo, yawoyo inali yongobwereza.

"Yeniyeniyo ili kuti?" anakalipa.

"Imene munavundukula dzulo pomwa madzi?" anatero Nangondo, akuika singano ya galamafoni pambalepo. "Munalumbiratu, alamu. Khalani pansi, kumvera sitilipiritsa."