Nkhuku za mtendere za a Abdulkarim

Chiwerengereni buku limodzi la ku laibulale, a Abdulkarim a ku Brampton, m'dziko la Canada, sanalinso oyendetsa wamba wa fokolifiti yonyamulira katundu. Anasanduka katswiri wa mtendere, ndipo banja lonse linkamva zimenezi pa tiyi wam'mawa. Bukulo linali mbiri ya Dara Shikoh, kalonga wachisilamu wa ku India wakale, amene anakonda kumvetsa Ahindu mpaka kumasulira malemba awo, mng'ono wake n'kumulanda ufumu ndi moyo womwe.

M'dera lawo ankakhazikitsa komiti ya ubale wa zipembedzo, ndipo utcheyamani wake unkawalotetsa a Abdulkarim dzuwa likuswa mtengo. Mavoti a Ahindu ankapita kumene aloza a Trivedi, aneba a khomo lachitatu. Tsono anawaitanira nkhomaliro ya Loweruka, iwo ndi akazi awo.

"Bambo a Marwa," anatero a Aaliyah, akazi a a Abdulkarim, "tangoimbani foni mufunse zimene anthuwo amadya."

"Ndifunse? Ine? Buku lonse ndamaliza ine, ndi chikuto chomwe. Mhindu sadya ng'ombe, basi. Tiphika nkhuku."

"Nanga zamasamba?"

"Mlendo wolemekezeka n'kumupatsa bonongwe? Mukufuna azikanena kuti Amalawi ku Canada kuno zinthu zawavuta?"

Anagula nkhuku zisanu za halali: yokazinga, yootcha, yamsuzi, ina ya m'masamusa. Yotsalayo anaiwiritsa okha, msuzi wake n'kuphikira mpunga, ati kuti ulemu ufike paliponse.

Alendo atafika, a Abdulkarim, ali mu mkanjo wosita bwino, anayamba alalikira za kalonga uja kwa mphindi makumi anayi. Kenako anavundukula mbale ngati nduna yotsegulira mlatho. A Trivedi ndi akazi awo anayang'ana nkhukuzo mmene anthu amaonera nkhope pamaliro.

"Achimwene, pepani," anatero a Trivedi. "Kwathu sitidya chilichonse chimene chinapumapo. Chibadwire."

"Komatu ndi nkhuku chabe! Chabwino, nanga mpungawu?"

"Umenewo munauthira ulemu," anatero a Aaliyah.

Alendo analandira nthochi imodziimodzi. Atasenda yawo, a Trivedi anafunsa mofatsa: "Kalonga wanuyo ndimamudziwa. Koma iye Msilamu, malemba athu anawamvetsa bwanji?"

A Abdulkarim anatsitsimuka, poti funso linali la m'buku. "Anaitana aphunzitsi achihindu, n'kukhala nawo pansi, n'kumawafunsa chimodzichi..." Analekeza pomwepo n'kuyang'ana nkhuku zawo zija.

"Mwana wa mfumu kufunsa?" anatero a Aaliyah. "Koma analibe manyazi."

Atatero anatembenukira kwa Mayi Trivedi. "Asisi, tandiuzeni. Nyemba mumadya? Anyezi bwanji? Poto amene anaonapo nyama mungadyeremo, kapena nditulutse watsopano?" Awiriwo analowa kukhitchini, ndipo posakhalitsa kunkamveka kuseka kumene amuna awiri a pabalaza sanaitanidweko.

Tsiku la chisankho Mayi Trivedi anaimirira n'kutchula dzina la Aaliyah. Manja anakwera ngati chimanga cha mu Januwale. A Abdulkarim nawo anakweza lawo, mochedwerapo pang'ono, atayamba aona kuti akazi awo akuwayang'ana. Panjira anafotokoza kuti akatswiri enieni amalangiza ali kumbuyo. Tcheyamani watsopano anavomera, n'kuwakumbutsa kuti mufiriji mukadali nkhuku zitatu, ndipo wozigula ndiye azimalize.

Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.