Kalata yothamangitsa amayi mumzikiti

Mphekesera inafika pachigayo pa Ntaja Lolemba, yakuti amayi awathamangitsa mumzikiti chifukwa cha kalata ya Chingerezi yopanda dzina. Ena ankati kalatayo inawatchula mfiti. Kaya zoona, kaya anangothirako mchere.

Amene ankadziwa zenizeni ndi Che Likwanya, omwe anagwirapo ukalaliki ku Limbe. Milungu itatu inatha Shehe Mtalika ali chete, mpaka bambowo mtima unawawira. Anawapeza Shehe pakhonde la mzikiti akusoka mkeka wopempherera.

"Salaam aleikum, Shehe. Kalata ija mwaikhalira bwanji? Ife tikumvera hutuba, ulaliki wa Lachisanu, kuseri kwa nsalu kumene kumakhala amayi kuli pokopoko ngati pamsika wa nsomba! Imeneyi ndi nyumba ya Allah?"

"Waleikum salaam, Che Likwanya, khalani pansi. Ndinaiwerenga. Wolembayo ndi wophunzira kuposa ine, ndiye mundithandize. Mawu ali m'kalatamo akuti rowdy amanenera anthu otani?"

"Anthu osokoneza, okonda ndewu ngati zidakwa."

"Nanga boisterous?"

"Aphokoso lachisangalalo, ngati ana posewera."

"Ndiye kuseri kuja mwamva ndewu kapena masewera?"

"Ndamva phokoso basi! Makamaka Abiti Saizi, kukhosi ngati chitoliro cha sitima. Achoke!"

Shehe anabaya singano pamkeka.

"Inenso phokosolo linandivuta, ndipo ndinatuma akazi anga kuti akaone. Kuli gogo wina amene makutu anatseka chaka chatha. Amabwerabe ndi ndodo yake. Chilichonse chimene ndanena, Abiti Saizi amachibwereza mofuula pakhutu pake kuti nayenso amve mawu a Allah."

"Gogo wake uti?"

"Mayi anu, Che Likwanya."

Abale, Che Likwanya, munthu wa tayi, manyazi anawagwira! Ankangowatumizira mayi awowo shuga ndi sopo kudzera mwa akazi awo, kukhala nawo pamphasa ayi. Kenaka anaulula kwa Shehe ndi timawu tapansi kuti kalatayo analemba ndi iwo, ndipo mawuwo anachita kuwasaka m'dikishonale usana wonse.

"Ndinadziwa," anatero Shehe mofatsa. "Mukufuna bata mumzikiti, ndipo n'chinthu chabwino. Lachisanu lililonse mukatuluka muno, muzipita kwa mayi anu, mukakhale pansi, mukawafuulire hutuba yonse pakhutu. Tsiku limene mudzayambe, Abiti Saizi adzakhala chete."