Nkhululu ndi Magoli a Magetsi

Padangotero, m'masiku amene inu ndi ine sitinawaonebe, kudatsika zombo zachitsulo kuchokera kumene kuli nyenyezi. Zinkauluka chapansipansi mopanda phokoso, ndipo kumimba kwake kudali chipaipi chokoka nyama monga momwe kavuluvulu amatolera masamba ouma. Nyama zogwidwazo ankazitsitsira mu mgodi pansi pa phiri, kukakumba miyala yowala imene zombozo zinkadya m'malo mwa mafuta.

Nkhululu palibe adamufuna. Tsikulo adali atausa m'khutu mwa a Njati pothawa dzuwa, ndipo a Njatiwo atagwidwa, iye podzidzimuka adangoona mdima, chikepe chikutsika, chikutsikabe, mpaka mpweya udayamba kununkha dzimbiri ndi thukuta.

Kumeneko kudalibe m'mawa, kudalibe madzulo. Kudali thangata ndi njala basi. Chakudya chidali chiphala chotuwa chotuluka m'paipi, ndipo chinkatulukira yekhayo amene wakankha ngolo yodzaza. Mkaidi aliyense adavekedwa goli lachitsulo m'khosi. Akaima kuti apume, golilo linkamumenya ndi magetsi mpaka kudziluma lilime, ndipo woyandikira chikepe ali nalo linkamuphera pomwepo. Eni mgodiwo palibe adawaonapo. Mawu awo ankangotuluka m'zimkuzamawu za kudenga, ozizira ngati mwala wam'madzi. Ooneka ndi maso adali awiri: kapitawo Chiuli, nyama inzawo imene idalolera kutumikira alendowo chifukwa cha chitini cha uchi, ndi Chimaso, chimakina chamiyendo yambiri chokhala ndi diso limodzi lofiira. Ntchito ya Chimaso idali kukoka aliyense wofooka kupita naye kung'anjo.

Njala itafika posauzana, Nkhululu adatuluka m'khutu muja kukanyambita chiphala chimene chidadonthera pansi. Adangolawa kamodzi, zikhadabo n'kumutsina mapiko, kumunyamula m'mwamba.

"Aka n'kachiyani aka?" adafunsa Chiuli akumununkhiza. "Ngolo sikangakankhe, goli la kakhosi kake kulibe. Chimaso! Tabwera udzatole chinyalala ichi."

Diso lofiira lija lidatembenuka. Miyendo yachitsulo idayamba kuyandikira, gwa, gwa, gwa. Nkhululu pakamwa padayamba kugwira ntchito mutu usanaganize n'komwe.

"Bwana, bwana, mwina muyambe mwasuntha musanandiphe. Pamene mwaimapo pakundichititsa mantha."

"Pali chiyani pamenepa?"

"Mwala uli pamutu panuwo ukubuula, bwana. Ife ankhululu tidabadwira m'una, timamva miyala ikamadandaula isanagwe. Koma pepani, ndayankhula mopusa. Ndiponyeni kung'anjo, inu tsalani pomwepo."

Chiuli adayang'ana kudenga n'kudumphira kumbali. Mwalawo sudagwe. Fumbi lokha ndilo lidayoyoka monga mwa masiku onse, koma kwa Chiuli lidaoneka ngati imfa yamuphonya.

"Kuyambira lero ndiwe womvetsera miyala," adatero. "Tsiku limene udzaname, ndidzakukazinga ndekha. Nkhululu zokazinga ndimazikonda."

Akaidiwo sadali ogonja monga momwe ankaonekera. Mayi Nungu, amene adasiya ana oyamwa kuphanga tsiku lomwe adagwidwa, ndiwo adaphunzitsa anzawo kuika miyala wamba pansi pa ngolo n'kuphimba ndi yowala pamwamba. Zimkuzamawu zidayamba kukalipa kuti miyala ikuchepa. Chiuli akakalipiridwa ankakalipira akaidi, ntchito n'kuwirikiza, ndipo ambiri mphamvu zidayamba kuwathera.

Tsiku lina a Njati adagwa pakati pa njanji. Goli lidawamenya, kuwamenyanso, koma adangotupsa miyendo osadzuka. Kutali kudamveka gwa, gwa, gwa.

"Dzukani achimwene!" adalira Nkhululu m'khutu mwawo. "Chikubwera!"

"Chisiye chibwere, mng'ono wanga," adanong'ona a Njati. "Ndatopa ine."

Tsono mu mgodimo mudali belu langozi, lolira kuti triii denga likafuna kugwa. Likalira, magoli ankalimva n'kuleka kumenya kuti akaidi athawe, ndipo Chimaso chinkathamangira m'kachipinda kake kachitsulo, poti eni ake ankachisamala kuposa nyama. Nkhululu adalikumbukira belulo diso lofiira litayamba kale kuwala pakhoma. Adadumphira m'paipi ya mpweya, adakhulitsa mapiko ake ndi mphamvu zonse, ndipo paipiyo idakweza kulirako n'kukufikitsa m'njira zonse za mgodiwo. Triiiii!

Chimaso chidaima chitagwira kale mwendo wa a Njati. Chidautaya n'kubwerera. Chiuli adathawa mchira uli m'mwamba. Akaidi adakhala pansi kwa nthawi yoyamba popanda kumenyedwa, ena n'kumalira mwakachetechete, ndipo mayi Nungu adamwetsa a Njati chiphala chawo chomwe mpaka adaima.

Chiuli pobwera adafunsa, "Denga lagwa kuti?"

"Lagwera m'kati mwake, bwana," adayankha Nkhululu. "Ndi kugwa koopsa kwambiri kumeneko, poti sikuoneka."

Kuyambira pamenepo belu lidayamba kulira pafupipafupi. Wina akagwa, triii. Wina akathyoka chikhadabo, triii. Nthawi iliyonse Nkhululu ankatuluka m'paipi akulumbira kuti sadzachitanso. Koma njala imaiwalitsa malumbiro. Adazindikira kuti belu likalira, Chiuli amasiya chitseko cha chipinda chake chili pululu, chitini cha uchi chili patebulo.

"Mwana iwe," adamuchenjeza mayi Nungu ataona kukamwa kwake kuli noninoni, "belu limeneli ndi moyo wathu tonse. Usaliseweretse chifukwa cha mimba yako."

"Amayi, ndimangolawa kuti ndione ngati mulibe poizoni. Abwana athu angafe."

Adapita kamodzi, adabwera. Adapitanso, adabwera. Tsiku lina adaliza belu pomwe palibe wagwa n'komwe, adadumphira pachitini, miyendo n'kumira mu uchi. Adakoka uwu, unzake udamira. Ali m'kati molimbana choncho, kuseri kwa chitseko kudatuluka mthunzi. Chiuli tsikulo sadathawe.

"Ohoo," adatero motsitsa mawu. "Belu langa lili ndi miyendo."

Adamuzula mu uchimo n'kumuponya m'botolo. Adanyamula chiwaya napita naye kung'anjo, pafupi ndi chibokosi cha mabatani olamula magoli. Kutentha kwa kumeneko kunkapsereza ndevu. Nkhululu adaona phulusa lotuwa lili mbwee pansi, ndipo adadziwa kuti phulusalo lidali anzake. Chiwaya chidayamba kufuka. Chiuli adathiramo timafuta, tidalira tsaaa. Nkhululu adasuzumira m'chiwayamo.

"Bwana, mchere mwathira?"

"Ukuti chiyani?"

"Ndimati mundikazinge bwinobwino, poti ndine nyama yotsiriza imene mudye. Kuyambira mawa ndi chiphala chotuwa."

Chiuli adagwedeza botolo mpaka Nkhululu adagunda mutu. "Mabodza ako atha, kachilombo iwe."

"Za miyala ndidanama, bwana, ndikuvomera. Miyala siyankhula. Koma mawaya amayankhula, ndipo ine ndakhala ndikugona m'mapaipi momwe amadutsa. Eni mgodi akuti ngolo zikufika zodzaza miyala wamba. Akuti mkaidi sangayerekeze, wakuba ndi kapitawo. Goli lanu adalisula kale, lili m'mimba mwa Chimaso. Ndidaliona ndi maso angawa, ndi lokongola ndithu, la saizi yanu."

Chiuli adaseka, koma kuseka kwake kudali kouma. Nkhululu ankadziwa kuti zimkuzamawu sizikhalitsa osakalipa, ankadziwanso kuti ntchito ikamatha Chimaso chimabwera kung'anjo kudzaola phulusa. Chimene sankadziwa n'chakuti zichitika chiwaya chisanamulandire kapena ayi. Chiuli adatsegula botolo, adalowetsa zikhadabo, adamugwira mwendo wakumbuyo n'kumulendewetsa pamwamba pa mafuta. Nthunzi idamuwotcha kumimba. Nkhululu adatsinzina.

"Kapitawo," adatero mawu ozizira aja kudenga. "Miyala yachepanso. Tatopa nawe."

Ndipo m'njira ya mgodiwo mudamveka gwa, gwa, gwa.

Ubweya wa Chiuli udaima. "Nditani? Iwe, nditani?"

"Ine ndi ndiwo chabe, bwana."

"Yankhula!"

"Goli silingatseke ngati chogwirira chachikulu chili pachibokosicho chili chotsitsa. Chitsitseni, chikalephera kukuvekani mudzafotokoze mbali yanu. Koma fulumirani, diso lija lafika pakhoma."

Chiuli adalumpha n'kukoka chogwiriracho ndi thupi lonse. Mu mgodi monse mudamveka phokoso limene lidali lisanamvekepo: ngwee, ngwee, ngwengwerere, magoli akumasuka n'kugwera pamiyala.

Akaidi adangogwira makosi awo, osakhulupirira. Kenako mayi Nungu adakuwa, "Kuchikepe nonse! Onyamula anzanu nyamulani!"

Chimaso chidatembenuka kuti chiwatsekereze njira. A Njati, omwe aja adati atopa, adaweramitsa mutu kuseri kwa ngolo yodzaza n'kuikankha potsetsereka. Ngoloyo idachigunda chimakinacho m'nthiti, khuu, n'kuchipanikiza kukhoma. Miyendo yake idatakataka kufuna kudzuka, koma mayi Nungu adafika chambuyo n'kuchilasa minga m'mfundo zonse mpaka chidangotsala chikunjenjemera, diso likuthima n'kuyaka.

Apo ndi pamene Chiuli adazindikira. Adayang'ana m'dzanja lake, Nkhululu akadali momwemo, atagwidwa mwendo.

"Wandipha iwe," adatero, n'kuyasama.

Nkhululu adaona mano, adaona kummero kwakuda, adamva fungo la uchi. Adasonkhanitsa mphamvu zonse n'kudumpha. Iye adapita, mwendo udatsala. Ululu wake udamuchititsa chidima, koma adapitiriza kudumpha chambalimbali ndi mwendo umodzi, Chiuli ali pambuyo, mpaka adakakamira mchira wa a Njati chitseko cha chikepe chikutsekeka.

Chikepe chidayamba kukwera, nyama zitathithikana, zina pamsana pa zinzake. Mpweya udayamba kupepuka. Wina adayamba nyimbo chapansipansi. Pomwepo magetsi adathima, chikepe chidagwedezeka n'kuima, chikulendewera mumdima.

"Bwererani pansi," adatero mawu ozizira aja. "Apo ayi tidula chingwe."

Pamwamba padamveka kanthu kakukukuta chitsulo, ndipo chikepe chidapendekeka pang'ono. Mwana wa gwape adayamba kulira.

"Nkhululu," adanong'ona mayi Nungu, "ndidaona kale, belu likalira chikepe chimathamangira kumtunda chokha kupulumutsa miyala yawo. Liza, mwana wanga."

"Amayi, sindingathe. Mapiko akungonjenjemera."

"Anjenjemere m'paipi."

A Njati adamukweza ndi nyanga mpaka pakamwa pa paipi ya mpweya. Nkhululu adakwawira m'katimo akukoka thupi, adaika phiko pa phiko linzake, ndipo mantha adachita zotsalazo. Sadalizepo chotero chibadwire. Triiiiiiii! Makina a chikepe adamva, adaiwala eni ake, adadzuka. Chikepe chidakwera ngati mwala wa legeni, chingwe chikulira, mawu ozizira aja akukuwa zinthu zosamveka, mpaka chitseko chidatseguka, ndipo kunja kunkagwa mvula.

Nyama zidabalalika m'nkhalango zombo zisanatembenuke. Mayi Nungu sadatsanzike n'komwe, adathamangira kuphanga. Pansi paja padatsala magoli ali mbwee ndi khosi limodzi lokha loti n'kuvekedwa, ndipo akuti Chimaso atachikonza, ntchito yake yoyamba idali kusankha la saizi ya Chiuli. Nkhululu atamva adaseka mpaka kugwa chagada. "Mwaona? Ine sindinama. Ndimangofulumira kunena."

Nkhani yake ankaifotokoza kwa aliyense, ndipo nthawi iliyonse mwendo uja unkatayika mwanjira ina. Tsiku lina ankati adamenya nawo Chimaso, tsiku lina ankati adaupereka yekha kwa Chiuli ngati mphatso yotsanzikira. Za mantha sankatchula. "Ine kuopa? Kuopa chiyani?"

Koma pitani mukamumvere akuimba pakhomo pa una wake. Ayimba mokweza, ayimba modzitama, dambo lonse limve. Ndiye inu pondani pansi kamodzi, gwa. Muona nokha kulimba mtima kwake kumene kwalowera.

Yanga yathera pamenepo. Amene mapazi ali opepuka akayese.